Mawu a mwana akasasa osabwerera: njerewere za m'kholingo ndi khansa

Kuno ku Mwanza, June ndi July, nyengo ya manachesi, ana ambiri amasasa mawu chifukwa cha chimfine. Kusasa kotere kumatha kokha m'masiku ochepa. Koma mwana amene wasasa kupitirira masabata atatu, kapena wamng'ono amene kulira kwake kukunka kucheperachepera mpaka kumangotuluka mpweya wokha, musamudikirire kuti achira yekha. N'kutheka kuti m'kholingo mwake mwamera njerewere.

Madokotala amawatcha matendawa RRP. Amayamba ndi kachilombo ka HPV, makamaka ka mtundu wa 6 ndi wa 11, tomwenso timameretsa njerewere kumaliseche. Ana ambiri odwala matendawa amakatenga pobadwa, ndipo zizindikiro zimaonekera asanafike zaka 5. Akuluakulu nawonso amadwala, kawirikawiri a zaka za pakati pa 20 ndi 40. Mayi asanyozedwe pa nkhaniyi. HPV ndi kachilombo kofala kwambiri moti abambo ndi amayi ochuluka amakhala nako osadziwa, ndipo kafukufuku wa ku Denmark anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa kwa amayi a njerewere, pafupifupi 7 okha ndiwo anadwala. Komanso mwana wodwalayo sangapatsire anzake podyera mbale imodzi kapena pogona mphasa imodzi, choncho musamusale.

Choopsa choyamba ndi kubanika. Njira ya mpweya ya mwana ndi yopapatiza ngati kachala kake kakang'ono, moti njerewere zochepa chabe zikhoza kuitseka. Mukamva kamluzu pamene akukoka mpweya, mukaona pakhosi ndi pansi pa nthiti pakulowa m'kati, milomo ikuda, kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Munyamuleni atakhala tsonga, osamugoneka chagada. Musamupise chala kukhosi, musamufukize, musamukakamize kumwa mankhwala.

Matendawa amanamiza chifukwa amafanana ndi mphumu. Mwana akhoza kulandira mankhwala a mphumu miyezi yambiri njerewere zikukulirakulira. Inu kholo ndi amene mukudziwa tsiku limene mawu anasintha, ndiye lankhulani momveka mukafika ku Thambani, Kunenekude, Tulonkhondo kapena pachipatala cha boma ku Mwanza. Nenani kuti, "Adokotala, mawu a mwanayu asasa kwa miyezi iwiri, ndipo mankhwala amene tinalandira sakusintha kanthu. Kodi n'zotheka kuti akamuone m'kholingo?" M'kholingo simuoneka pongoyasamula, pamafunika chida chokhala ndi kagalasi kapena kamera. Akatswiri a makutu, mphuno ndi kukhosi ali ku Gulupu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kudzera ku Zalewa. Pitani ndi kalata yokutumizani pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Kumeneko amachotsa njerewerezo pa opaleshoni wodwala atagonetsedwa. Koma dziwiranitu kuti zimameranso, chifukwa kachilombo kamatsalira m'khungu la m'kholingo. Ana ena amachitidwa opaleshoni kangapo pachaka, ena zimawasiya akamakula. Apa m'pamene mabanja ambiri amagwera mphwayi. Achibale amayamba kunena kuti kuchipatala kwalephereka, mwina mwanayo anachita kulodzedwa. Ayi ndithu, kumeranso ndi khalidwe la matendawa. Tsiku lobwerera limene mwapatsidwa lilembeni pakhoma, ndipo ndalama ya minibasi muziisunga padera mukagulitsa manachesi kapena nandolo. Pitani ngakhale mwana akuoneka kuti ali bwino.

Nanga khansa? Njerewere za m'kholingo si khansa, ndipo odwala ochuluka sadzadwala khansa moyo wawo wonse. Kwa ana, amene njerewere zimasanduka khansa safika mmodzi mwa 100. Kwa akuluakulu chiwerengero chimakwererapo, koma ndi anthu ochepabe mwa 100 alionse. Chiopsezo chimakula ngati kachilombo ndi ka mtundu wa 11, ngati njerewere zatsikira m'mapapo, komanso ngati wodwalayo amasuta fodya. Zoyamba ziwirizo si za m'manja mwathu, koma fodya ndi nkhani ya pakhomo. Munthu amene anachotsedwapo njerewere asiyiretu ndudu ndi chingambwe, asiyenso kachasu, pakuti fodya ndi mowa paokha zimayambitsa khansa ya kukhosi. Bambo kapena agogo osuta asasutire m'nyumba mogona mwana. Utsi wa nkhuni ndi makala umapwetekanso kholingo lodwala, choncho pophika mwanayo asakhale kumbuyo m'khitchini yotseka.

Njira yokhayo yodziwira ngati njerewere zasintha ndi kupima kanyama kamene achotsa. Mukatha opaleshoni funsani ngati atumiza kanyamako kukapimidwa, ndipo pobwerera funsani zotsatira, zilembedwe m'buku. Musachite manyazi, ndi ufulu wanu. Wodwala wakale akayamba kutsokomola magazi, kuonda popanda chifukwa, kumva kuwawa pomeza, kutuluka kachotupa kolimba m'khosi, kumva khutu limodzi likuwawa mosalekeza, kapena njerewere zikayamba kumera mofulumira kuposa kale, musadikire tsiku lanu lija. Zina mwa zizindikirozi ndi za chifuwa chachikulu, ndiye apimidwenso makhololo. Amene ali ndi HIV asadumphitse ma ARV, chifukwa thupi lofooka limalephera kulimbana ndi HPV.

Amayi oyembekezera, mukaona tinthu tamera kumaliseche, zimene kumudzi ambiri amangoti mauka, musalole kudulidwa ndi lezala. Kudula sikuchotsa kachilombo, kumangobweretsa bala ndi matenda ena. Auzeni anamwino kusikelo, iwo ndiwo aone chochita.

Chimene chimandipatsa mtima kwambiri ndi katemera. Boma la Malawi linayesa katemera wa HPV ku Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo mu January 2019 linayamba kubaya atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Cholinga chachikulu ndi kuteteza khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'dziko muno. Koma katemera wa HPV wotchedwa Gardasil amateteza ku mitundu inayi, 6, 11, 16 ndi 18, kutanthauza kuti mtsikana wobayidwa katemera ameneyu akutetezanso kholingo la mwana amene adzabereke. Ku Australia, kumene anayamba kubaya mu 2007, ana odwala njerewere za m'kholingo anachepa kwambiri pasanathe zaka khumi. Mphekesera zoti katemerayu amatseka chiberekero n'zabodza, ndipo zikuika ana athu pachiswe. Katemerayu sachiza amene wadwala kale, amagwira bwino ntchito mtsikana asanayambe zogonana.

Ngati pakhomo panu pali mtsikana amene wakwanitsa zaka 9 ndipo sanabayidwe, funsani alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu sabata ino kuti akabayitse liti komanso kuti. Katemerayu ndi waulere.