Mnzathu Akavulala M'mutu

Ife a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa tidziwa msewu wochokera ku Kachulu kumka ku Zomba, m'mene muyenda njinga zolemedwa ndi matemba, ndi njinga zamoto za kabaza. Munthu akagwa pamenepo namenyetsa mutu pansi, dokotala ali kutali; woyamba kumfikira ndine kapena inu. Chifukwa chake ndifuna tiphunzire pamodzi.

Ubongo uli m'chigaza cholimba chimene sichitanuka. Mtsempha ukaduka m'katimo, magazi asowa kolowera, nayamba kupanikiza ubongo. Motero munthu akhoza kukomoka, nadzuka, nalankhula bwino lomwe, koma patapita maola pang'ono afooka kufikira imfa. Tisanyengedwe ndi mau ake akuti, "Ndiri bwino."

Choyamba, onani ngati alikupuma. Chachiwiri, gwirani mutu wake ndi manja awiri kuti khosi lisagwedezeke, pakuti fupa la khosi likhoza kukhala lothyoka. Akayamba kusanza, mtembenuzeni cham'mbali muli atatu, mutu ndi thupi pamodzi monga mtengo umodzi. Chachitatu, phimbani bala ndi nsalu yoyera, nimusindikize. Koma ngati fupa lalowa m'kati, musakanikize pamenepo. Musampatse madzi, phala kapena mowa.

Chachinai, muyeseni pa zinthu zitatu: kodi atsegula maso, ayankha zomveka mukamfunsa dzina lake, ndipo akweza dzanja mukamuuza? Madokotala ayesa zomwezi ndi muyeso wa Glasgow, umene Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaulemba m'chaka cha 1974. Munthu wamaso ndi wanzeru zake apeza 15. Wokomoka kotheratu apeza 3. Manambala akamatsika, zinthu zirikuipa.

Zizindikiro zoopsa nazi: kusanza kawirikawiri, tulo tosadzutsika, mutu wonka nupwetekabe, kugwa ngati wa khunyu, kufooka kwa mkono kapena mwendo, ndi magazi kapena madzi otuluka m'khutu kapena m'mphuno. Mukaona chimodzi chokha, funani galimoto, mumgoneke chowongoka, mumke naye ku chipatala chachikulu cha Zomba. Ofunika opaleshoni ya m'mutu atumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Muuzeni dokotala nthawi imene anagwa, ndi ngati anakomoka.

Wooneka wabwino asagone yekha. Wina amyang'anire usana ndi usiku woyamba. Ndipemphanso anzanga a timu ya mpira: wogundana mutu nachita chizungulire atuluke m'bwalo, ngakhale tikhale tirikugonja. Chikho tidzachitenga chaka china, koma mutu ndi umodzi.