Selo nalonso lili ndi kumutu ndi kumiyendo

Anzanga, tikamajambula selo m'makope mwathu timangolemba kabwalo, kadontho pakati, basi tamaliza. Chithunzi chimenechi chimatinamiza pang'ono. Maselo ambiri a m'thupi mwathu ndi a zomera ali ndi kumutu ndi kumiyendo, ndipo mbali iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. Pa Chingerezi amati cell polarity.

Amene munathandizapo kubzala chinangwa mukudziwa kuti kamtengo kake sitikabzala chozondotsa, maso ake ayenera kuyang'ana kumwamba. Mu chomera muli mankhwala otchedwa auxin amene amayenda kuchokera kunsonga kupita kutsinde, chifukwa timakomo towatulutsira tili kumunsi kwa selo lililonse. Kumene auxin wasonkhana ndi kumene mizu imatulukira. Ndiye kamtengo kaja ngakhale mukadule, sikaiwala kuti kunsi kwake n'kuti.

Koma nkhani yandigwira mtima kwambiri ndi ya m'matumbo. M'kati mwa matumbo muli maselo ondandana mzere umodzi ngati njerwa. Mbali ina imayang'ana chakudya, ina imayang'ana magazi. Ku mbali ya chakudya kuli khomo limene limalowetsa shuga ndi mchere pamodzi. Chimodzi chikabwera chokha, khomo limenelo silitseguka. Zikalowa zimakatulukira ku mbali ya magazi, ndipo madzi amatsatira mchere uja.

Tsopano taonani zimene kolera amachita. Poizoni wa kachilombo kake amachititsa selo kutayira mchere ku mbali ya chakudya, madzi n'kutsatiranso komweko. Munthu amatsegula m'mimba madzi okhaokha, ndipo akhoza kufa tsiku lomwelo. Si nthano iyi. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo.

Mwayi wake ndi wakuti khomo la shuga ndi mchere lija kolera saliwononga. Apa ndiye pagona mphamvu ya Thanzi ORS. Kapaketi kamodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, wodwala azimwa pang'onopang'ono uku mukuthamangira naye kuchipatala. Ena amachepetsa madzi ati kuti mankhwala akhale amphamvu. Ayi ndithu, akakhathamira amakokeranso madzi m'matumbo. Kuno ku Champiti, kumene ena timayenda mtunda wautali kuti tikafike kuchipatala, kapaketi kameneka sikoyenera kusowa pakhomo nthawi ya dzinja.

Nanga selo likasokonezeka osadziwanso kumutu ndi kumiyendo? Limasiya mzere, limachulukana mwachisawawa n'kumaunjikana pamwamba pa anzake. Khansa zambiri zimaoneka choncho. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamapanga puloteni yotchedwa E6 yomwe imawononga mapuloteni ena othandiza selo kudziwa mbali zake. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo ena a inu munabayitsa muli ku pulayimale, mwina mukulira, osadziwa n'komwe kuti ndi wa chiyani eti? Kwa amayi athu, kuchipatala amayeza popaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pamene pali maselo osokonezeka pamayera.