Mlendo ndi Mame: Mabungwe Omwe si Aboma ndi Magulu a Alimi pa Chitukuko cha Kumudzi

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ukugwirizana ndi mmene mabungwe omwe si aboma amagwirira ntchito m'midzi ya m'Malawi. Bungwe limabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu kapena zisanu, ndipo ndalama zikatha limanyamuka, mlimi n'kutsala pamunda pake pomwepo. Chimangirizo ichi chikufotokoza kuti ntchito ya bungwe iyenera kuyesedwa ndi zimene zimatsalira alimi bungwelo likachoka, makamaka gulu lomwe alimiwo amaliyendetsa okha.

Poyamba, tione chifukwa chake alimi amafunika gulu. M'chaka cha 1987 boma lidalola amalonda ena kugula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, ntchito yomwe kale inali m'manja mwa ADMARC. Kuyambira pamenepo, mlimi wa matumba awiri a mtedza amakumana yekha ndi venda amene ali ndi sikelo yake komanso mtengo wake. Alimi makumi awiri akasonkhanitsa mbewu zawo amatha kuchita hayala galimoto imodzi, kugula feteleza pamodzi ndiponso kukana mtengo wozizira. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe si gulu lililonse limene limakhalitsa. M'zaka za m'ma 1980, makalabu ambiri a alimi adapangidwa n'cholinga chimodzi, cholandira ngongole ya mbewu ndi feteleza kuchokera kuboma. Chilala cha 1992 chitagwa, ndipo ndale zitayamba kusintha, alimi ochuluka adaleka kubweza ngongole. Pofika 1994 ndondomekoyo inali itagwa, ndipo makalabu ambiri adathera pomwepo. Chimene chinkawamanga pamodzi chinali chochokera kunja.

Mbiri ya NASFAM ndi yosiyana ndi imeneyi. Bungweli lidachokera ku pulojekiti yomwe idayamba mu 1995 ndi thandizo la USAID, yothandiza alimi ang'onoang'ono a fodya wa bale, amene lamulo linali litangowalola kulima fodyayu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 1997 magulu a alimiwa adagwirizana zopanga bungwe lawolawo. Pansi penipeni pali kalabu ya alimi 10 mpaka 15 odziwana, amene amalipira ndalama ya umembala ndi kusankha atsogoleri awo. Atayamba ndi kunyamula limodzi fodya kupita ku okushoni, adalowanso mu mbewu zina. Mtedza wa alimi a ku Mchinji udafika pogulitsidwa ku Britain, ndipo mpunga wa Kilombero wa ku Karonga udapeza msika ku Scotland. Pulojekiti idatha, koma magulu adatsala chifukwa alimi ankaona phindu m'thumba mwawo.

Chitsanzo china ndi banki m'khonde. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo idafalikira m'midzi yambiri ya kuno kwathu. Bungwe limangophunzitsa, silipereka ndalama. Mamembala, omwe ambiri ndi amayi, amagula masheya pamsonkhano uliwonse, amabwereketsana pachiwongoladzanja chomwe agwirizana, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Popeza ndalamazo ndi thukuta lawo, wobwereka amadziwa kuti akapanda kubweza wabera mnansi wake.

Mavuto alipo ndithu. Mabungwe ena adazoloweza anthu maalawansi, moti msonkhano wopanda envelopu anthu sabwera. Pena mabungwe angapo amaunjikana m'dera limodzi lapafupi ndi msewu, madera akutali n'kusowa owayendera. M'magulu namonso muli atsogoleri ena amene amadya ndalama za anzawo, ndipo osaukitsitsa amatsalira kunja chifukwa chosowa ya umembala.

Pomaliza, zimene zidachitika mu 2025, pamene boma la America lidaimitsa thandizo lambiri la USAID, zidakumbutsa Amalawi kuti wothandiza akhoza kuchoka popanda kutsanzika. Choncho bungwe likamalowa m'mudzi liyambe ndi kuphunzitsa alimi kusunga mabuku a ndalama, kufufuza misika ndi kufunsa atsogoleri awo mmene chuma chayendera. Alimi nawo afunse tsiku loyamba lomwelo kuti, "Kodi inu mukadzapita, ife tidzatsala ndi chiyani?"