Chiwongolero chikapendekeka, vuto lili pansi

Tsiku lina mukamachoka m'Chipata kulowera ku Katete, pamalo pamene msewu wa Great East wawongoka ndipo kutsogolo kulibe njinga kapena ngolo, tagwetsani maso pa chiwongolero chanu. Galimoto ikuyenda mowongoka, koma kodi chizindikiro cha Toyota chili pakatipo chaima chilili, kapena chapendekeka ngati chisoti cha munthu wochokera ku mowa? Madalaivala ambiri amangozolowera. Dzanja limaphunzira kugwira mokhota, miyezi n'kumapita, mpaka tsiku limene munthu adzaone mawaya akusuzumira m'mphepete mwa tayala limene anagula chaka chomwecho.

Chiwongolero sichipendekeka chokha. Chimangoulula zimene zachitika pansi. Mwina munagwera m'dzenje pa msewu wa ku Lundazi nthawi ya dzinja, madzi atalibisa. Mwina munakwera hampu mothamanga, kapena munagunditsa tayala pa simenti ya ngalande poimika galimoto ku msika wa Kapata. Kawirikawirinso zimayamba makaniko akasintha tie rod end osawerenga kuti yakaleyo inalowa mizere ingati.

Musanawononge ngwee, siyanitsani matenda atatu amene anthu amawasokoneza. Pali chiwongolero chopendekeka pamene galimoto ikuyenda bwinobwino. Pali galimoto yokoka, yoti mukangofewetsa manja imathawira mbali imodzi. Ndiye pali chiwongolero chonjenjemera mukafika pa liwiro la 80 kapena 100. Chachitatuchi nthawi zambiri si vuto la alignment yowongola kaimidwe ka matayala ayi, ndi balancing yolinganiza kulemera kwa tayala, kapena limu yopindika, kapena matope ouma amene amatirira mkati mwa limu mutachokera kumunda. Ndaonapo munthu akulipira alignment kawiri pamene vuto linali dothi la katondo lofunika ndowa imodzi ya madzi.

Kumbukiraninso kuti kuno timayenda kumanzere, ndipo misewu imamangidwa motsetsereka pang'ono kulowera m'mphepete kuti madzi a mvula azitsika. Choncho galimoto yabwinobwino imatha kutsetserekera kumanzere pang'onopang'ono mukaisiya. Imeneyo si nthenda. Yesani pamalo athyathyathya, opanda anthu, pa liwiro lochepa.

Yambani ndi mpweya. Muyeze m'mawa matayala asanatenthe, ndipo mutsate nambala zolembedwa pa kapepala kamene kamamatidwa pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, osati zimene mnyamata wopopa waganiza pomenya tayala ndi chibakera. Tayala limodzi lakutsogolo likachepa mpweya, galimoto imakokera mbali yomweyo. Kenaka werengani manambala a m'mbali mwa matayala awiri akutsogolo. Ambirife timagula matayala a salaula limodzilimodzi, ndipo si zachilendo kupeza 185/65 kumanja, 185/70 kumanzere. Awiriwa ndi osiyana msinkhu, ndipo palibe makina amene angawayanjanitse. Ngati manambala ndi ofanana koma galimoto ikukokabe, sinthanitsani matayala akutsogolowo, lakumanja lipite kumanzere, pokhapokha ngati ali ndi muvi wosonyeza mbali imene ayenera kuzungulira. Kukokako kukasamukira mbali ina, wolakwa ndi tayala. Ndipo mukayenda kamtunda osaponda kwambiri mabuleki, yandikizani dzanja pa malimu. Limu imodzi ikatentha kuposa inzake, buleki ya mbali imeneyo ikugwira, ndiyo ikukoka galimoto.

Tayala lenilenilo limalankhula. Yendetsani chikhatho pamwamba pake, kuchokera kunja kupita mkati, n'kubwereranso. Likamasalala popita koma n'kumakanda ngati mano a sowo pobwerera, matayala sakuyang'ana kumodzi. Likadyeka mbali imodzi yokha, makamaka yamkati imene sitiiona titaimirira, ndiye kuti lapendekeka kapena latagada kwambiri. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti muone mbali yamkatiyo bwino.

Tsopano kwezani tayala limodzi lakutsogolo ndi jeke, mutaika mwala kumatayala akumbuyo. Ligwireni dzanja lina kutsogolo lina kumbuyo, mulisunthe uku ndi uku. Mukamva kuti gwede gwede, tie rod end kapena rack end yatha. Ligwireninso pamwamba ndi pansi. Likagwedera pamenepo, ganizirani za ball joint kapena bearing. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa alignment yochitidwa pa zitsulo zogwedera ndi ndalama yotaya m'madzi. Makina adzaonetsa manambala abwino galimoto itaima, koma mukangotuluka pa geti n'kuponda hampu yoyamba, zonse zabwerera mwakale. Sinthani chatha, kenaka alignment.

Amakaniko amatchula mawu atatu: toe, camber ndi caster. Toe ndi mmene matayala akuyang'anirana mukawaonera pamwamba, ngati zala za kumapazi zoloza mkati kapena kunja. Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana muli kutsogolo kwa galimoto, monga miyendo ya munthu wa matewe. Caster, ife a ku Chipata kuno kwa njinga sitifunika kuiphunzira m'buku: onani mmene foloko ya njinga inapendekekera, ndi chifukwa chake anyamata amatha kupalasa atasiya mahandulo. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Corolla ndi Vitz, chimene chimasinthidwa mosavuta ndi toe basi. Camber kapena caster zikasokonekera kwambiri, nthawi zambiri pali chitsulo chopindika kapena mabushi otha.

Musachepetse mamilimita. Tayala la Corolla ndi lalitali pafupifupi masentimita 60. Kutsogolo kwake kukapatuka ndi mamilimita 3 okha poyerekeza ndi kumbuyo kwake, tayalalo limafuna kupatuka mamita 5 pa kilomita iliyonse, koma galimoto imalikakamiza kuwongoka. Ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Werengani nokha: n'chimodzimodzi kulikwekweza cham'mbali pa tala mtunda wa pafupifupi makilomita 3.

Pali njira yachidule imene ndikukupemphani kuti muikane. Ine ndinaivomera kamodzi, pa galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango. Nditadandaula kuti chiwongolero chapendekeka, mnyamata wa pamenepo anaseka. "Amdala, iyi ndi nkhani ya mphindi zisanu," anatero. Anamasula nati yapakati, n'kuzula chiwongolero, n'kuchibwezera chowongoka. Ndinalipira mokondwa. Sabata isanathe hutala inasiya kulira, nyali ya airbag inayaka, ndipo pokhota ndinaona kuti galimoto ikupinda kwambiri mbali imodzi kuposa inzake. Kuseri kwa chiwongolero kuli kalamba kopyapyala ka mawaya kokulungidwa ngati nkhata, kamene kamapereka magetsi ku hutala ndi ku airbag. Kali ndi malire a kuzungulira kwake, ndipo kakaikidwa molakwika kamaduka. Komanso kuzula chiwongolero sikukonza kalikonse pansi, matayala amapitiriza kudyeka monga kale. Kuli ngati kuwongola chithunzi pakhoma la nyumba imene maziko ake akutitimira. Chiwongolero chimazulidwa pokhapokha ngati wina anachiika molakwika kale, ndipo pamenepo batire imayamba yachotsedwa chifukwa cha airbag.

Malo oyenera kukonzera ndi pa ma tie rod, timikono tiwiri tachitsulo timene timachokera ku rack ya chiwongolero kupita ku tayala lililonse lakutsogolo. Ngati chiwongolero changopendekeka pang'ono, galimoto sikukoka, matayala akudyeka mofanana ndipo palibe chogwedera, munthu wodziwa kugwira sipanala angathe kuchiwongola pakhomo. Mfundo yake ndi imodzi: zimene mwachotsa mbali ina, muwonjezere mbali inayo, mofanana ndendende. Mukatero matayala onse awiri amatembenukira limodzi, ndipo toe imakhala mmene inalili.

Imikani galimoto pa simenti kapena pa nthaka yolimba yathyathyathya, kokani handibuleki. Nthawi zambiri simufunika kulowa pansi, mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto dzanja limafika kuseri kwa tayala. Mukafuna kuikweza, ikani zochirikiza zolimba. Jeke yokha si yoti munthu n'kuikhulupirira ndi mutu wake. Tsukani mizere ya tie rod ndi bulashi ya waya, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri, kenaka jambulani mzere umodzi ndi choko kapena penti ya zikhadabo ya amayi a kunyumba, wodutsa pa tie rod end, pa nati yomanga ndi pa mkono weniweniwo. Mzere umenewu ndiwo mboni yanu. Mukasokonezeka, mumabwerera pomwepo. Masulaninso kachomangira kakang'ono ka kumapeto kwa labala yophimba rack, kuti labalayo isapotoke n'kung'ambika pamene mukuzunguliza mkono.

Mbali iti ifupike? Tiyerekeze kuti galimoto ikamayenda mowongoka, chiwongolero chimapendekekera kumanja. Ndiye kuti mutachiimika pakati, matayala angaloze kumanzere, choncho onse awiri akufunika kutembenuzidwira kumanja pang'ono. Pa magalimoto amene ma tie rod ali kumbuyo kwa pakati pa tayala, monga Corolla, mufupikitse wakumanja, mutalikitse wakumanzere. Chikapendekekera kumanzere, muchite mosemphanitsa. Ndipo ngati pa galimoto yanu ma tie rod ali kutsogolo kwa pakati pa tayala, zonsezi zimatembenuka. Yang'anani kaye musanagwire sipanala.

Masulani nati yomanga, gwirani tie rod end ndi sipanala ina kuti isatembenuke, zungulizani mkonowo. Mkono ukamalowa mu tie rod end ukufupika, ukamatuluka ukutalika. Yambani ndi kota ya kuzungulira kumodzi mbali iliyonse, osapitirira theka. Mangani manati onse awiri zolimba, bwezerani tizomangira ta labala, kayeseni pa msewu. Chikawongoka pang'ono, onjezani kota ina uku ndi uku. Chikaipiraipira, mwalakwitsa mbali, bwererani pa mzere wanu. Lembani papepala zimene mwachita, chifukwa pofika ulendo wachitatu mutu umayamba kunama. Ndipo musayende ngakhale kukafika pa geti manati ali omasuka.

Ena amayeza toe ndi chingwe cha omanga nyumba, kuchikoka mbali zonse ziwiri za galimoto pa msinkhu wa pakati pa matayala, n'kuyeza mpata wa chingwe ndi limu kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lililonse. Njirayi imathandiza mutasintha tie rod end muli kutali, tinene ku Vubwi kapena ku Mfuwe, kuti mufike m'tauni musanamalize matayala. Koma siilowa m'malo mwa makina, chifukwa siikuuzani za camber ndi caster, ndipo dzanja likanjenjemera pang'ono milimita yapita.

Nthawi zina kutsogolo kulibe mlandu. A Hilux ndi a Canter, inu amene mumasenza chimanga, soya ndi mtedza kuchokera ku Chadiza nthawi yokolola, yang'anani masipuling'i akumbuyo. Pakati pa mpukutu wa masipuling'i pali bawuti imene imagwira ekiselo pamalo pake. Ikaduka chifukwa cha katundu ndi mabampu, ekiselo imasunthira kumbuyo mbali imodzi, galimoto n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu, dalaivala n'kumapinda chiwongolero kuti akhale mumsewu. Pemphani mnzanu akutsatireni pambuyo aone, kapena yezani ndi tepi mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, matayala atawongoka. Ukasiyana moonekeratu, musavutitse ma tie rod. Pa magalimoto ang'onoang'ono, chitsulo chopingasa chakumbuyo chikapindika chimachitanso zomwezo.

Mukapita ku makina a alignment, pitani ndi maso. Tsitsani katundu wolemera m'buti. Onani ngati ayamba ndi kuyeza mpweya ndi kugwedeza matayala. Amene akuthamangira kumangirira zida zake osachita zimenezi, mufunseni mwaulemu kuti, "Abwana, zitsulo mwaziona?" Onetsetsani kuti aimika chiwongolero pakati n'kuchitsekera asanayambe kusintha, kuti ayeza matayala onse anayi, ndipo kuti agwira ma tie rod onse awiri. Waulesi amasintha mbali imodzi yokha: toe imakhala bwino pa kompyuta, koma inu mumatuluka ndi chiwongolero chopendekeka. Pemphani kuona manambala a poyamba ndi a pomaliza. Magalimoto atsopanoko, amene ali ndi makina oletsa kuterereka, ali ndi kachipangizo kowerenga mmene chiwongolero chapindikira, ndipo ena amafunika kuti kakonzedwenso ndi kompyuta ntchito ikatha. Funsani.

Nthawi yabwino yopimitsa ndi pamene mwagula matayala atsopano, pamene mwasintha chitsulo chilichonse cha kumiyendo yakutsogolo, pamene mwagwera m'dzenje lokugwedezani mano, ndiponso mvula ikatha cha mu Epulo. Musadikire kuti tsiku la fitness ku RTSA likukumbutseni. Ndipo musanalipire, tengani makaniko mukayende naye kamtunda pa msewu wowongoka, inu muli pa chiwongolero. Chikakhala chikadali chopendekeka, galimoto ibwerere pa makina tsiku lomwelo.