Ndikakwera minibasi ndimaona ngati ndikufa

Adokotala,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika. Chiyambire chaka chatha, ndikakhala m'minibasi yodzaza mtima umathamanga, mpweya umandithera, manja amachita dzanzi, ndimangoti basi ndapita. Kuchipatala anandiyeza BP, shuga ndi mtima, akuti zonse zili bwino. Apongozi akuti ndinalodzedwa. Panopa ndimayenda wapansi, ndipo masiku ena sindifuna n'kudzuka komwe. Ndithandizeni.

Mayi wa ku Ndirande

Mayi,

Amenewa ndi mantha ogwira mwadzidzidzi, matenda odziwika ndiponso ochizika. Thupi limakonzekera kuthawa ngozi pamene ngozi palibe. Mtima umathamanga, inu mumapuma mwaphuma, ndipo kupuma kotereku n'kumene kumabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Kawirikawiri zimafika pachimake m'mphindi 10, kenako zimazirala zokha. Pazokha sizipha. Komabe akuyezeninso chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi, poti nazonso zimathamangitsa mtima.

Chithandizo chimene ndimachidalira ndi chokambirana ndi mlangizi, chotchedwa CBT, chimene anachikhazikitsa Aaron Beck ku America m'zaka za m'ma 1960. Mlangizi amakufunsani zimene zimabwera m'mutu mtima ukangoyamba. Mukati "ndikufa", amafunsanso: nthawi zonse zija, zinatha bwanji? Kenako mumaphunzira kupuma pang'onopang'ono, makamaka potulutsa mpweya, n'kubwerera m'minibasi momwemo. Lero siteji imodzi muli ndi mnzanu, mawa masiteji awiri, mkucha nokha, osatsika mpaka mtima utakhazikika. Apa ndinene mosapsatira: kuyenda wapansi kumakupepukitsani lero, koma kukuwanenepetsa manthawo.

Zakusadzukazo zikundidetsa nkhawa kuposa minibasi, chifukwa mwina ndi matenda a kukhumudwa, amene amakonda kuyendera limodzi ndi mantha. Musadikire kuti mtima ufune kaye. Dzukani, sambani, kayaleni kaunjika ngakhale mpaka masana okha.

Ndipo musasenze nokha. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa benchi panja pa chipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo ambiri anapepukidwa. Pezani munthu amene anadutsamo, osati wongoti "limbani mtima". Apongozi musakangane nawo, apite nanu kwa mlangizi akamve okha.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth, pafupi nanu pompo, kuli kiliniki ya matenda a m'maganizo. Ngati maganizo odzipha akubwererani, uzani munthu ndipo mupiteko lero lomwe.