Kaduwa ka Bluet ndi Abale Ake

Ana inu, lero tiwoloka nyanja yaikulu ndi kufika ku America wa Kumpoto, kuti tikaone kaduwa kamene sikamera kwathu kuno. Kumeneko nyengo ya chisanu ndi yoopsa, ndipo nthaka imakwiririka ndi chipale chofewa. Koma m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene ife tili kukolola chimanga, iwo ayamba kumva kufunda, ndipo m'madambo ndi m'mbali mwa njira mumatuluka timaluwa tambirimbiri tamtundu wa thambo lopanda mitambo. Anthu a kumeneko amati ndi bluet. Ena amati Quaker ladies.

Kachomera kake ndi kakang'ono ndithu, sikapitirira kwenikweni masentimita 15, ndipo tsinde lake ndi lowonda ngati ulusi. Munthu wofulumira angathe kukaponda osakaona. Koma tikagwada ndi kuyang'anitsa, tiona kuti duwa lake lili ngati kalipenga, ndipo kukamwa kwake lagawika panayi; pakati pake pali kadontho kachikasu ngati diso. Masamba ena aunjikana pansi penipeni pa nthaka, ena ali pa tsinde awiriawiri, lina kuno lina uko, kuyang'anana.

Tsono tiyeni tione za dzina lake. Inu mudziwa kuti munthu ali ndi dzina lake, alinso ndi mfunda wake, monga Banda kapena Phiri. Chomwechonso anthu ophunzira za zomera amapatsa chomera chilichonse maina awiri a Chilatini, koma iwo amayamba ndi la mfunda. Kaduwa kathu ndi Houstonia caerulea. Caerulea ndiko kunena chamtundu wa thambo. Houstonia ndilo dzina la fuko lonse, limene lili ndi mitundu ngati 20, yomera kuyambira ku Canada kufikira ku Mexico. Linachokera kwa William Houstoun, sing'anga wa ku Scotland, amene anatola zomera zambiri ku Mexico ndi pa zisumbu za West Indies, namwalira ku Jamaica m'chaka cha 1733. Patapita zaka 20, mu 1753, Carl Linnaeus wa ku Sweden analemba dzinali m'buku lake la zomera, ndipo likhalabe kufikira lero. Mwini dzina sanaone ulemu umenewo.

Mafuko ofanana amasonkhanitsidwa m'banja limodzi. Banja la bluet litchedwa Rubiaceae, ndipo ndi limodzi la mabanja aakulu a zomera zamaluwa, pakuti mitundu yake iposa 13,000. Apa mudzadabwa. Mtengo wa khofi, umene alima ku Misuku ndi ku Thyolo, ndi wa banja lomweli. Mtengo wa cinchona wa ku mapiri a Andes, umene khungwa lake limapatsa kwinini, mankhwala akale a malungo, ndi m'bale wakenso. Nanga kaduwa kofika pa kakolo kangakhale bwanji m'bale wa mtengo? Ophunzira sayang'ana msinkhu, monganso ife sitikana mwana kuti si wa pamtundu chifukwa ndi wamfupi. Iwo amayang'ana zizindikiro. Masamba a khofi amakhala awiriawiri moyang'anana monga a bluet, ndipo pakati pa mapesi a masamba awiriwo pali kakhungu kakang'ono kokuta tsinde. Duwa la khofi nalonso lili ngati kalipenga, ndipo chipatso chimakula kunsi kwa duwa.

Musayese kuti ntchito yogawa mafuko ndi yapafupi. Pa kaduwa aka ophunzira anatsutsana zaka zambiri. Ena anati Houstonia si fuko lapalokha, nakalowetsa m'fuko lalikulu lotchedwa Hedyotis, chifukwa maluwa ake ndi ofanana kwambiri. Ena anakana, naloza ku maonekedwe a njere zake. Masiku ano ambiri atsata dzina lakale la Houstonia, koma mukadzapeza buku lina lotchula Hedyotis caerulea, dziwani kuti ndi kaduwa komweko.

Chinthu chokondweretsa koposa chili m'kati mwa kalipenga kaja, ndipo apa tiona nzeru ya Mlengi pa kanthu kochepa. Kumbukirani chimanga: mungu uchokera ku ngayaye ndi kugwera pa ndevu, ndipo popanda zimenezi chitsononkho chikhala chopanda maso. Duwa la bluet lili ndi mbali zonse ziwiri pamodzi: timitu tinayi tosunga mungu, ndi kandodo kamodzi kolandira mungu. Koma maluwa ake ali a mapangidwe awiri. Pa chomera china kandodo ndi kakatali, kotulukira kukamwa, ndipo timitu ta mungu tabisala pansi. Pa chomera china kandodo ndi kakafupi, ndipo timitu tili pamwamba. Chomera chimodzi sichibala mapangidwe onse awiri iai.

Tsono ifika ntchentche yamlomo wautali, kapena kanjuchi, kudzafuna timadzi totsekemera. Ikalowetsa mlomo m'duwa la timitu tapamwamba, mungu umamatira kufupi ndi mutu wake. Ikapita ku duwa la kandodo kakatali, malo omwewo akhudza kandodoko, ndipo mungu utsala pamenepo. Mungu wa timitu tapansi umamatira kunsonga ya mlomo, ndi kukafika pa kandodo kakafupi. Motero chomera chimalandira mungu wa chinzake, ndipo njere zimachuluka koposa. Charles Darwin analemba za maluwa otere m'buku lake la mu 1877, natchulamo kaduwa kathu aka.

Bluet simudzampeza m'dambo la kwanu, koma abale ake ali pafupi. Popita kunyumba lero, fufuzani tchire la masamba awiriawiri oyang'anana, muone ngati pakati pa mapesi ake pali kakhungu kaja. Thyolani kanthambi kamodzi kokha, ndipo mawa mubwere nako kwa aphunzitsi.