Kabzalidwe ka Mapira

Mapira ndi dzinthu za dziko lotentha. Ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mvula ichepa ndi kuleka msanga, chimanga chikafota mapira apirira. Apinda masamba ake nadikira, ndipo mvula ikabweranso atsitsimuka. Koma mapira sali a mtundu umodzi, ndipo kabzalidwe koyenera mtundu wina kakhoza kuononga unzake.

Alipo mapira aatali a makolo, amene apitirira msinkhu wa munthu. Amenewa safuna kupanikizana. Mlimi akamwaza mbewu zambiri osapatulira, mapesi alimbirana dzuwa ndi chinyontho, natalika ali oonda. Ngala zake zituluka zazing'ono, ndipo mphepo ikaomba agwa. Chinanso chodabwitsa ndi ichi: ambiri a mapira otere sayang'ana tsiku limene anabzalidwa, koma atulutsa ngala pamene usana uyamba kufupika, mvula ili pafupi kutha. Chifukwa chake wobzala mochedwa alibe pokonzera. Mapira ake adzabereka nthawi imodzi ndi a mnansi wake amene anabzala ndi mvula yoyamba, koma adzabereka asanakhale ndi mphamvu, ndipo nkhokwe yake siidzadzala.

Alipo ena aafupi ocha msanga, monga Pilira 1 ndi Pilira 2, amene anaperekedwa kwa alimi a m'Malawi mu 1993. Pakuti phesi lake ndi lalifupi, saphimbana kwambiri. Motero akabzalidwa motalikirana ngati aatali aja, nthaka yambiri ingokhala chabe, udzu numera pomwepo. Amenewa afuna mizere ndi mapando oyandikana, ndi kuwapatulira akali aang'ono, nthaka ili yonyowa. Mlimi akaika timizere topingasa pakati pa mizere, madzi a mvula sathamanga koma alowa pansi, ndipo njere zikhwima bwino. Tsoka lake ndi mbalame. Munda umodzi ukacha wokha inzake isanache, mbalame za dera lonse zisonkhana pamenepo, ndipo ana a m'mudzi adziwa kuwawa kwake kwa kuziingitsa kuyambira mbandakucha.

Mapira a mbewu abzalidwe patali ndi a mtundu wina, pakuti mphepo itenga mungu kuchokera munda wina, mitundu nisanganizika. Mlimi asankhe ngala zazikulu za pakati pa munda zisanakololedwe zinazo, naziumitse, nazipachike pa utsi kuti zisafumbwe.